Nyemba m'khutu la Rufo

Tertula ankakhala mumzinda wa Roma kalekale. Amayi ake anali sing'anga. Anali ndi bokosi la zida zamkuwa.

Tertula ankaliopa bokosilo. Munali timipeni. Munali timbedza. Munali zopanira za mano akuthwa. Bokosilo likatsegulidwa, ngakhale asilikali ankatsinzina.

Tsiku lina mlongo wake wamng'ono, Rufo, anabwera akulira.

"Achemwali, nyemba yalowa m'khutu!"

"Yalowa yokha?" anafunsa Tertula.

"Ndimafuna kuisunga," anatero Rufo.

Tertula anaganiza za timipeni tija. Anabisa Rufo kuseri kwa mitsuko ya mafuta.

"Khala chete, amayi asamve. Angakudule khutu."

Anamupendeketsa mutu. Nyemba sinatuluke. Anamudumphitsa ndi mwendo umodzi. Nyemba sinatuluke.

"Rufo, ukundimva?" ananong'ona Tertula.

Rufo sanatembenuke. Khutulo silinkamva.

Tertula anakhala pansi. Anaganiza, anaganiza. Bokosi linali loopsa. Koma khutu losamva linali loopsa kuposa bokosi. Anagwira Rufo padzanja, ulendo kwa amayi.

"Amayi, chonde musamudule," anatero, misozi ili chuchuchu.

Amayi anasuzumira m'khutu muja.

"Iwe Rufo, khutu lako ndi munda?" anaseka. "Tertula, bweretsa bokosi."

Tertula analinyamula. Amayi anatsegula. Sanatenge mpeni. Sanatenge mbedza. Anatenga kandodo kamkuwa, kowonda ngati udzu.

Anakulunga ubweya wa nkhosa kunsonga. Anaviika ubweyawo mu utomoni womata.

"Mpeni bwanji?" anafunsa Tertula.

"Mpeni uli ndi tsiku lake, mwanangu. Lero ndi la kandodo. Mugwire mutu, asagwedezeke."

Tertula anagwira mutu wa Rufo. Sanatsinzine. Kandodo kanalowa pang'onopang'ono. Kanaima. Utomoni unamata. Kanatuluka pang'onopang'ono. Kunsonga kwake kunali nyemba!

Amayi anamupatsa Tertula kandodoko kuti atsuke. Kanali kopepuka. Kanali kofunda, chifukwa kanali m'manja mwa amayi. Tertula anakabwezera m'bokosi yekha, pafupi ndi timipeni.

Kenako anawerama pakhutu la mlongo wake.

"Rufo, ukundimva?" ananong'ona.

"Ndikumva!" anatero Rufo. "Amayi, ndibwezereni nyemba yanga."

"Ukaisunga kuti?" anafunsa amayi.

Rufo anayang'ana kandodo kaja. Anayang'ana achemwali ake.

"M'mbale," anatero.