Mawu a m'Paipi ya Hajja Zubida

Ndikulumbira pali Mulungu, pali manda a bambo anga, ndi pali dzino limodzi limene landitsalira kumbuyoku, kuti mawu aliwonse a nkhaniyi ndi oona. Wokayika apite ku Meknes, kuseri kwa msika wa osoka nsapato, akafunse yekha.

Mbarka anagwira ntchito nthawi yaitali pachipatala china chaching'ono, kutembenuza odwala ndi kuchapa zofunda, mpaka anatopa ndi kukalipiridwa ndi timadokotala timene iye akanatha kutibereka. Anavula yunifolomu, nagula chikwama, magolovesi ndi sopo, n'kuuza wogulitsa buledi kuti aliyense wofuna womusamalira wodwala panyumba amuitane. Ntchito yotereyi chikwangwani chake ndi pakamwa pa anthu. Nyumba yoyamba ikakuyamika, wadya. Ikakupirikitsa, kagulitse mtedza.

Nyumba yoyambayo inali ya Hajja Zubida, mayi wokalamba amene mbali imodzi ya thupi inafa ndi sitiroko, koma lilime likadali lamoyo. Mwana wawo wamwamuna, Larbi, wokhala ku Casablanca, ndiye anamulemba Mbarka ntchito pafoni. Mwana wawo wamkazi, Nezha, amene ankagona m'chipinda chapansi, anamulandira ndi tiyi wozizira.

Usiku woyamba a Hajja anadziipitsira. Mbarka anatenthetsa madzi, nawasambitsa bwinobwino, kenaka n'kukhuthulira beseni lonse m'dzenje la m'bafa, nthunzi ikadali tolotolo.

"Watani iwe?" ananong'ona a Hajja, diso lamoyo lili tong'o. "Madzi otentha, usiku, osatchula n'komwe dzina la Mulungu?"

Mbarka anadziluma lilime. Ngakhale khanda la ku Meknes limadziwa kuti m'ngalande mumakhala eni pansi, aja sititchula dzina lawo dzuwa likalowa, ndipo ana awo amagona pakamwa penipeni pa paipi. Koma kuchipatala madzi amatayidwa ola lililonse, ndipo mwambowo unali utamuchoka m'manja.

"Gonani Hajja," anatero. "Ngati ndawasambitsa, andithokoze."

Asanamalize, m'khoma munamveka kugogoda. Go. Go. Pang'onopang'ono, kukwera kuchokera pansi, ngati chinthu cha zikhadabo chikufufuza njira mumdima.

Usiku wotsatira kugogodako kunabwera ndi mpweya, kupuma kwautali konyowa kumene kunkatuluka m'dzenjemo n'kudzaza kabafa konse. Nyali ya m'khonde inali yofooka, ndipo mdima wa m'makwerero unkaoneka ngati wakwera pang'ono kudzamvetsera. Pambuyo pake kunabwera mawu enieni, okhuthala, osadziwika ngati ndi a mwamuna kapena a mkazi.

"Wawotcha mwana wanga. Mlendo achoke. Akapanda kuchoka, nditenga mayiyo."

Mbiri inathamanga kuposa galu woba nyama. Kuhamamu, kumene akazi a m'deralo amasamba pamodzi, ankati Mbarka anachotsedwa kuchipatala chifukwa odwala ake ankayankhula ndi makoma. Ena ankati anamuona akupereka moni kwa mphaka wakuda, mphakayo n'kuyankha. Wogulitsa buledi anayamba kumupatsira buledi chapatali, ngati akudyetsa ngamila yoluma.

Choipitsitsa n'chakuti a Hajja anasiya kudya. Msuzi ankaukankha, tulo sankagona, ndipo kukada ankakana kuti madzi awakhudze. Pamsana pawo panayamba kufiira, ndipo Mbarka ankadziwa kumene kufiira kotero kumathera.

"Mchemwali, sikuti ndikukuda," anatero Nezha m'mawa wina, akuwaza mchere pakhomo la bafa. "Koma eni nyumba akakukana, umanyamula chikwama."

"Eni nyumba ake ati, Lalla Nezha? Amene amalipira magetsi, kapena a m'chimbudziwa?"

"Tseka pakamwa, akumva!"

"Amve. Ndinasiya kulamulidwa ndi adokotala a sukulu zawo, ndiye ndilamulidwe ndi paipi?"

Madzulo ake Larbi anaimba foni. Anati iye za eni pansi sakhulupirira, pakuti ndi munthu wa m'tauni, komabe zikafika Lachisanu zisanathe, Mbarka achoke, ndipo asadzatchule dzina la Larbi kwa wina aliyense pofuna ntchito.

Usiku umenewo Mbarka anazimitsa nyali, nakhala pansi m'bafamo, khutu lili pafupi ndi dzenje. Kunja kunali zii, kupatula bulu wina kutali amene ankadandaula za moyo wake. Kenaka kugogoda kuja. Kenaka kupuma kuja, kozizira pa tsaya lake.

"Mlendo achoke. Mlendo a... a... aaatshi! Alhamdulillah."

Mbarka anagwira pakamwa kuti kuseka kusatuluke. Chiwanda chachimfine, chimene chikayetsemula chimayamika Mulungu! Chimenecho chinaleredwa ndi mayi wamwambo, ndipo mayiyo mwina anali chigonere m'nyumba momwemo.

Kutacha anatsikira kumsika n'kugula ufa wabuluu uja timathira mu laimu popaka makoma. Usiku anausungunula m'ndowa yodzaza madzi ozizira, poti iye ndi wosamalira anthu, sawotcha ngakhale chiwanda. Anadikira. Mawu aja atangoyamba kuti "Wawotcha mwa...", iye anakuwa kuti "Bismillah!" mwamphamvu moti nkhunda za padenga zinauluka, n'kupendeketsa ndowa yonse.

Pansi panamveka kutsamwa, kugwa kwa zitini, ndi mfuu imene inang'amba nyumba.

"Amayi! Amayi inu, ndafa!"

A Hajja anadzutsa mutu pa pilo. "Chiwanda chimenecho," anatero pang'onopang'ono, "ndinachibereka ndine."

Mbarka anamupeza Nezha m'kachipinda kosungira makala, pamene paipi ili ndi chivundikiro chotsegula, ali buluu kuyambira tsitsi mpaka pachifuwa, mano okha ali mbee. Anamukwezera pamwamba atamugwira dzanja.

"Lankhula, mwana wochititsa manyazi iwe," anatero a Hajja. "Unkafuna ndife ndi mantha?"

Nezha analira misozi yabuluu. "Kuhamamu sindikhalanso, amayi. Akuti Zubida anabereka mwana wamkazi wa manja awiri, koma maliseche ake akusambitsidwa ndi mlendo wolipidwa. Larbi sanandifunse n'komwe. Anangoimba foni, ine n'kusanduka chitseko."

Mbarka anavula magolovesi.

"Tamvera kuno, Lalla Nezha. Ine sindichoka. Kaitane eni pansi onse, ndi apongozi awo omwe, sindichoka. Ntchitoyi ndinaisankha ndekha ndipo ndidzaisiya ndekha. Koma amayi akowa ndi olemera ngati thumba la tirigu, msana wanga watha. Mawa iwe ugwira kumutu, ine kumiyendo, ndikuphunzitsa kuwatembenuza. Ukatero ukasambe kuhamamu, ndipo ukawauze wekha chimene chakudaya."

"Ndi nkhope imeneyi?"

"Imeneyo. Yakukhala."

A Hajja anaseka ndi theka la pakamwa, n'kunena kuti ngati msuzi uja ulipobe, autenthetse. Nezha anawamwetsa yekha, Mbarka atawachirikiza kumsana.

Ali atatu chomwecho, chitseko cha kunja chokhoma, m'nyumba monse mulibenso munthu wina, m'khoma munamveka kugogoda. Go. Go. Pang'onopang'ono, kukwera. Supuni inaima m'malere. Nezha anayang'ana manja ake onse awiri, ngati akufuna kutsimikiza kuti ali nawo pomwepo.

Mbarka anadzuka, napita pakhomo la bafa, manja m'chiuno.

"Ngati uli ndi wodwala kumeneko," anatero, "udikire. Ndili ndi ntchito kale."

Ndi mmene zinathera. Lachisanu linabwera n'kupita, ndipo lero nyumba za m'deralo zimachita kulimbirana Mbarka. Kungoti mawu ake omalizawo ndawapeka ine, poti ndinaona kuti akumukhala. Iye sananene kanthu. Anangokoka mpando, naukhazika pakati pa bafa ndi bedi la a Hajja, n'kukhalapo mpaka kunacha.