Zimene Kefasi Ankauza Foni

Kombi, minibasi ya ku Penhalonga, itatsitsa anthu pa siteji ya ku Sakubva Lolemba lija, munatuluka mnyamata wamtali, utuchi uli mbuu m'tsitsi, atafumbata pepala lopindapinda. Anayenda mpaka pa katebulo ka pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, n'kungoima chilili ngati polo ya magetsi.

Katebuloko kanali ka Jesca, mtsikana wakuda bwino, wa maso akuthwa ndi pakamwa pothwa kuposa masowo. Patebulo panali foni imodzi, kabuku, ndi chikwangwani cha katoni: "Timalemba sivi, makalata ndi zotsatsa malonda."

"Mwabwera kudzalembetsa kapena kudzanditchingira dzuwa?" anafunsa Jesca m'Chishona.

"Sivi," anatero mnyamatayo, maso ali pansi. "Dzina ndine Kefasi Mbewe."

"Mbewe? Ndiye ndinu akwathu! Khalani apa, achimwene." Jesca anatembenukira pompo ku Chichewa, chilankhulo cha makolo ake.

Kefasi anachita manyazi. Chichewa chake chinali chotolatola, chosakanizika ndi Chishona cha ku Imbeza, kufupi ndi Penhalonga, kumene anabadwira. Ankagwira ntchito pamakina ocheka matabwa, ndipo kampani yawo inkafuna woyendetsa lole. Siviyo, pepala la mbiri yake ya ntchito, inali yofunsira ntchito imeneyo.

"Mulembe kuti ndayendetsa zaka zisanu," ananong'ona.

"Mwayendetsa zingati?"

"Ziwiri."

"Ndiye tilemba ziwiri. Bodza mukagule patebulo lina."

Abale, ntchito ya mtsikana uyu inali yosiririka! Ankagwiritsa ntchito chatiboti, pulogalamu ya pafoni imene umailembera zofuna zako iyo n'kukuyankha ngati munthu. Anzake ankaifunsa za mpira, koma Jesca anaonamo chakudya cha banja lonse. Munthu akabwera, ankayamba wamufunsa bwinobwino, n'kuuza chatibotiyo zoona zokhazokha. Ikalemba, iye ankawerenga katatu, kuchotsa zokometsera, kenako kumuwerengera mwiniwake mokweza. Amayi a tomato ankawalembera zotsatsa za pa WhatsApp, ofedwa ankawakonzera ndondomeko ya maliro, ndipo nyumba ina ya alendo ku Vumba inkamutumizira mndandanda wa zakudya kuti aukonze.

"Chinthuchi n'chanzeru koma chimanama osaphethira," Jesca anauza Kefasi. "Tsiku lina chinapatsa mlonda wina digiri ya ku yunivesite. Amandilipira ine chifukwa cha maso angawa, osati chifukwa cha foni."

Jesca atamuwerengera siviyo, Kefasi anatukula maso.

"Ameneyu ndi ine?" anafunsa.

"Ndi inu amene. Sindinawonjezepo ngakhale liwu limodzi."

Ntchito ija anaipeza. Kuyambira pamenepo lole ya matabwa inayamba kudutsa ku Sakubva kawiri pamlungu, ngakhale pamene njira yake sinali imeneyo. Lero mapeyala patebulo, mawa nthochi. Munthu wake osalankhula, kungosiya katundu n'kumakanda m'mutu.

"Iwe, mbewa yamanyazi inafera kuuna," Jesca anamuseka tsiku lina. Pa nthawiyi anali atasiya kale kuitanana kuti inu.

Ndi Jesca yemwe anamuphunzitsa ntchito yolembera anthu makalata pachatiboti. Ku Imbeza kunali azigogo ofuna makalata a penshoni, alimi ofuna kutsatsa uchi, anyamata ofuna masivi, ndipo onsewa ankawononga ndalama za kombi kubwera m'tauni. Kefasi anayamba kuwalembera Loweruka lililonse. Popeza akaunti yabwino ya chatiboti inali yolipira, anagwirizana zogwiritsa ntchito imodzi, aliyense pafoni yake.

Kenako mauthenga a Kefasi anayamba kubwera pafoni ya Jesca.

"Duwa langa la m'chipululu, dzuwa likatuluka limayamba lapempha chilolezo kwa nkhope yako."

Jesca anawerenga kawiri, mtima uli phaphapha. Kefasi yemwe uja? Wosatha kunena "zikomo" osakanda m'mutu?

"Nyenyezi yanga, ndikulonjeza kuti misozi yako yomaliza unalira dzulo. Ndidzakhala mthunzi wako mpaka imfa."

"Wokondedwa, mawu onsewa umawabisa kuti?" anamuyankha.

"Mumtima, bebi wanga."

Ha! Mtsikana anagwa chagada m'chikondi. Mauthengawo ankawakopera m'kabuku kake, tsamba lakumbuyo. Amayi a tomato anayamba kumufunsa chimene ankamwetulira yekhayekha. Anafika pouza amayi ake kuti pali munthu amene akufuna akamuonetse kwa amalume ake ku Hobhouse.

Lachinayi lina masana, bambo wina anabweranso kudzakonzetsa sivi imene analembetsa mwezi wapitawo. Jesca anatsegula mndandanda wa zokambirana zakale mu akaunti ija kuti aifunefune. Apo m'pamene anaona mutu wakuti "Uthenga wa chikondi." Pansi pake wina. Pansi pakenso wina.

Anatsegula wapamwamba. Maso ake anagwera pa mawu amene anali atalandira m'mawa womwewo, liwu ndi liwu. Pamwamba pake panali mauthenga ena anayi ofanana nawo, ndipo chatibotiyo inali itamaliza ndi funso: "Kodi mukufuna wina wokoma kuposa awa?"

Mayo ine! Jesca anatseka foni msanga ngati yamuwotcha. Sivi ya bambo uja anaimalizabe. Bamboyo atachoka, anawerama patebulo n'kulira pakati pa msika, anthu akuona.

Chinamupweteka si bodza lokha ayi. Iye amene ankagwira mabodza a chatiboti tsiku ndi tsiku, wapusitsidwa ndi chatiboti yomweyo! Duwa la m'chipululu? Mawu amenewo aliyense angathe kuwatenga, ngakhale wofunsira mbuzi. Ndiye iyeyo anali ndani kwa Kefasi? Kasitomala?

Analemba: "Ndaona zonse mu akaunti. Usandiimbirenso. Ngati ukufuna chibwenzi, funsira foni yakoyo."

Kefasi anaimba kakhumi, osayankhidwa. M'mawa mwake lole inaima pa Sakubva, iye n'kubwera patebulo maso ali psuu.

"Jesca, pepa. Ine... ndimafuna..."

"Pepani sapoletsa chilonda. Kapena udikire kaye foni ikuuze choyankha?"

Kefasi anakanda m'mutu. Anatembenuka n'kubwerera ku lole. Kuyambira tsiku limenelo lole ija sinadutsenso ku Sakubva.

Milungu itatu inatha. Ntchito inkayenda, makasitomala ankachuluka, koma Jesca anawonda. Chakudya sichinkamukoma. Ankadana ndi Kefasi m'mawa, masana n'kumapezeka akutukula mutu lole iliyonse ikalira.

Lachiwiri lina kunagwa mvula ndipo msika unali zii. Jesca anati lero ndi lero, afufute zonse za mnyamatayo n'kusintha pasiwedi. Anatsegula kukambirana koyamba kuja. Chala chili kale pofufutira, anaganiza zokwezera m'mwamba kuti aone mmene wabodzayo ankaitanitsira katundu wake.

Zimene Kefasi analemba zinali izi:

"Ndithandize. Pali musikana dzina lake Jesca. Ine sukulu ndinasiyira Fomu 2. Iye ndi munthu wa mawu, amakonza makalata a anthu ophunzira. Ndikamuona lilime limafa. Anandiwerengera sivi yanga ndipo koyamba ndinamva kuti ndine munthu. Ndinomuda, ndimamukonda. Ndimuuze bwanji?"

Jesca anatsegula kwina.

Chatiboti inali italemba kuti, "Ndidzakumangira nyumba yachifumu." Kefasi anayankha: "Chotsa zimenezo. Ndilibe nyumba. Ndili ndi chipinda chimodzi ku kampani. Jesca amadana ndi bodza."

Kwina analemba: "Lero wandiseka chifukwa ndabweretsa mapeyala osapsa. Akamaseka amaphimba pakamwa ndi kabuku. Ndikufuna ndizimva kuseka kumeneku ndikadzakalamba. Lemba zimenezi koma mokongola, zanga n'zonyansa."

Zonyansa! Jesca anagwira pachifuwa. Mawu amene anali kuwafuna miyezi yonseyi anali pomwepa, atatayidwa ngati makoko, iye n'kumapatsidwa maluwa a pulasitiki. Chitsiru cha mnyamata! Chitsiru chokondeka!

Kukambirana komaliza kunali kwa mlungu wathawo.

"Usandilembere kalikonse lero. Ndamutaya. Ndinalakwa ndine, osati iwe. Agogo a Kundai abwera ndi kalata yawo ya penshoni, ndawawerengera katatu monga anandiphunzitsira. Ndikungofuna pouza munthu kuti ndamusowa."

Jesca sanafufute kanthu. Anapinda katebulo kake, kukasiya kwa amayi a tomato, n'kukwera kombi ya ku Penhalonga mvula ikadawaza.

Anafika ku Imbeza cha m'ma thuu koloko. Makina ocheka matabwa anali kulira moti munthu sukanamva mnzako. Kefasi anali pamwamba pa lole akumanga matabwa. Atamuona, chingwe chinapulumuka m'manja mwake. Anatsika, n'kuima patsogolo pake, madzi akuchucha m'chipewa.

A Winston, kapitawo wa pamalopo, bambo wachikulire wodziwa zinthu, anayang'ana awiriwo kamodzi kokha n'kukathimitsa makina. Ponse panangoti zii. Anyamata onse anasiya ntchito, makutu ali tcheru.

"Foni yako ili kuti?" anafunsa Jesca.

Kefasi anaitulutsa m'thumba. Jesca anailanda n'kuiponya m'chikwama chake.

"Ndawerenga zimene unkaiuza. Zonse. N'chifukwa chiyani unkauza foni m'malo mouza ine?"

"Ndimaopa."

"Kuopa chiyani?"

"Kuti undiseka. Iwe umadziwa mawu. Ine ndimadziwa matabwa."

"Wandipweteka, Kefasi. Ndalira milungu itatu. Ndinkakopera mawu a makina m'kabuku kanga ngati wamisala!"

"Ndikudziwa. Ndinalakwa."

"Ndiye lankhula. Pano. Wekha."

Mnyamata anayang'ana anzake, anayang'ana kumwamba, anavula chipewa n'kuchifinya. Thukuta ndi mvula zinasakanikirana pamphumi.

"Jesca... ine... sindine wolemera. Chipinda changa chimadontha pakona. Koma ndikakuona mtima umachita... umachita ngati lole yatsika phiri yopanda mabuleki. Ndinokuda. Ndimakukonda. Ndikufuna ndikaone amalume ako. Ndikufuna ukhale mkazi wanga, uzindikalipira tsiku lililonse mpaka mano atathe."

Mmodzi wa anyamata aja anaphulika kuseka. A Winston anamuyang'ana, kuseka kuja n'kuthera pakhosi.

Kefasi anagwetsa nkhope. Makutu ake anali atatentha ndi manyazi.

"Zamveka zoipa, eti?" anafunsa motsitsa.

Jesca anali akulira kale, misozi ili chuchuchu, koma anamugwira dzanja lake lokhakhala lija n'kulifinya.

"Zoipa kwambiri," anatero. "Bwereza."