Kanyerere ndi Minga ya Moto

Kunyumba ankamutcha Kanyerere, chifukwa sankakhala pansi. Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuonanso zipatso zofiira pa chitsamba cha agogo.

Chitsambacho chinali kuseri kwa nyumba. Anachidzala ndi agogo aamuna. Iwo ankachitcha Minga ya Moto. Minga yake inali yakuthwa. Zipatso zake zinali zazing'ono, zofiira ngati makala amoto.

Kale agogo ankakhala pansi pa zenera. Kanyerere ankakhala pamiyendo pawo. Mbalame zinkabwera kudzadya zipatso.

"Khala chete, mdzukulu," agogo ankanong'ona. "Alendo athu akudya."

Tsopano agogo anamwalira. Chitsamba chilipo. Minga ilipo. Koma zipatso palibe.

Tsiku lina mayi ankayanika zovala. Munga unakola diresi yawo. Kwee! Diresi inang'ambika.

"Ndatopa nacho chitsamba ichi," anatero mayi. "Zipatso ayi, minga yokhayokha. Bambo a Kanyerere, chizuleni!"

"Inenso chandigwetsa ulesi," anatero bambo. "Chaka chilichonse ndimachimeta bwinobwino. Koma sichibala."

Bambo anatenga khasu. Kanyerere anathamanga. Anaima kutsogolo kwa chitsamba.

"Bambo, dikirani! Inu mumachimeta mpala ngati mutu wa khanda. Agogo sankatero."

Bambo anaseka. "Nanga ankatani, mwanawe?"

"Ankayamba adikira maluwa."

Bambo anakanda mutu. Zoonadi, iwo ankadula nthambi zonse maluwa asanatuluke. Maluwa amatuluka pa nthambi zakale. Popanda maluwa, zipatso zichokera kuti?

"Chabwino," anatero mayi. "Chaka chino chokha. Chikapanda kubala, tichizula."

Kanyerere anadikira. Kudikira kunamuvuta kwambiri. M'mawa ankapita kukaona. Madzulo ankapitanso kukaona. Chitsamba chinakula nyankhalala. Mayi ankangochiyang'ana cham'mbali.

Kenako maluwa anatuluka, oyera mbee! Njuchi zinabwera. Maluwa anayoyoka. Panatsala timipira tobiriwira.

"Bambo, nthawi yakwana!" anatero Kanyerere.

Bambo anavala magolovesi. Anatenga sizasi yaikulu. Kanyerere anatenga kamtengo kolozera.

"Nthambi iyi ili ndi ana. Isiyeni."

Bambo anaisiya.

"Iyi ilibe ana, ndipo yatalika. Iduleni."

Khapu! Bambo anaidula.

"Iyi isiyeni. Iyo iduleni. Iyi isiyeni."

"Mayo!" anakuwa bambo. Munga unali utawabaya khutu. "Agogo akowo akunditsinabe khutu mpaka lero!"

Kanyerere anaseka mpaka kugwira pamimba. Bambo anasekanso. Koma m'maso mwawo munalengeza misozi.

Masiku anapita. Timipira tinasanduka tachikasu. Kenako m'mawa wina Kanyerere anatsegula zenera.

"Mayi! Bambo! Bwerani msanga!"

Chitsamba chonse chinali psuu! Nthambi zinalemera ndi zipatso. Mbalame zinali pomwepo, zikujompha.

Mayi anafika ndi chipande m'manja. Anaima. Anayang'ana chitsambacho.

"Tsiku limene ndinafika panyumba pano, chinali chofiira chonchi," anatero mayi motsitsa mawu. "Apongozi anga anandithyolera kanthambi. Anati, 'Takulandira, mwana wanga.'"

Kanyerere anagwira dzanja la mayi. "Ndiye muchizulabe?"

"Ayi," anatero mayi. "Chikhale. Ndipo tidzale china kukhomo, aliyense wodutsa azichiona."

Bambo anadula kanthambi kanthete. Mayi anabweretsa chitini chodzaza dothi. Kanyerere anakazika m'dothimo, n'kukathirira madzi.

Tsiku limenelo onse atatu anabayidwa ndi minga. Palibe amene anadandaula.