Mphika wa ku Malomo

Tsiku limenelo Rakele anatunga madzi kawiri, nasinja mphale, nachapa nsanza za mwana, napalira fodya. Mwamuna wake anatchona ku Halale, ndiye zonse zinkayang'ana iye. Dzuwa litapendeka, pakhomo panafika mayi wosenza miphika yamalonda.

"Ndine Faines wa ku Malomo. Mugula?"

"Njolimba?"

"Ngati mtima wanga. Komatu maso anuwo, ndikapanda kusamala ndiswa katundu yense!"

Rakele anaseka mpaka mwana kumbuyo anadzuka.

Kuyambira pamenepo miphika inkafika kwa Rakele ku Msakambewa mwezi ndi mwezi, m'kati muli kakalata. "Duwa langa, phiri la Ntchisi lidzasuntha, ine ayi."

Koma mphika wina unasochera kwa a Andreya, mkulu wa mpingo. Munali mu 1931, lamulo la azungu litangofika, anyamata awiri a kutsidya ali m'ndende chifukwa chokondana.

"Nonse ndikakutulani ku boma!" anakalipa a Andreya atawerenga kakalatako.

Kalata yotsatira inali yaifupi. "Undiiwale, Rakele. Ukamangidwa mwana ayamwa chiyani?"

Si yemwe uja analumbira pa phiri? Rakele analira uku akusinja, poti misozi siikonola chimanga. M'mawa anabereka mwana, ulendo wa ku Malomo.

"Wadzatani?" anafunsa Faines.

"Kudzakutenga. Kulira ndinalira dzulo, lero ndilibe nthawi."

Atafika naye kumudzi, Rakele anaitana amayi onse pamtondo. Anapha nkhuku, namuveka Faines mkanda m'khosi, kumanga chinjira, ubwenzi uja amayi amamanga poyera mpaka kumanda.

A Andreya anawatengerabe ku boma la Dowa, amayi akulondola pambuyo. Kalaliki anatembenuza buku mpaka thukuta.

"Muno alemba za amuna. Za amayi mulibe."

"Nanga kalatayi?" anatero a Andreya. "Akuti duwa langa!"

"Anjira timaitanana choncho, bambo," anatero mayi wina. "Kodi inu akunyumba simunawatchulepo duwa? Mayo, chisoni akazi anu a Lidia!"

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika! Faines anagwira dzanja la Rakele, onse akuona.

"Wamtima wanga, undikhululukire."

"Ndakukhululukira. Tabereka mwanayu, msana wandipweteka."

Zinamudyera Rakele nkhuku imodzi, mkanda wa malemu amayi ake, malo ake m'tchalitchi, ndi mapazi otupa masiku anayi. Ufa wopita kundende kwa anyamata aja unkachokanso m'nkhokwe yake. Koma mphika sanagulenso.