Envelopu Yomata ya ku Dublin

Minibasi ya ku Capital Hill inali itadzaza kale m'mawa umenewo, koma kondakitala wa pa depoti sakhulupirira zoti galimoto imadzaza. Anamukankhiramo Tamando pamodzi ndi mtolo wa nsalu umene abwana ake, Mayi Pramila a sitolo ya ku Old Town, anamutuma kuti akasiye ku unduna wina.

"Chemwali, bweretsani katunduyo ndikunyamulireni, mungatiphere pompano," anatero mnyamata wa malaya oyera amene anakhala pambali pake.

"Mukathawa naye?"

"Ndithawira kuti? Ngakhale mwendo wangawu sindikudziwa kuti uli pati."

Tamando anaseka, ndipo kuseka kumeneko n'kumene kunamulowetsa m'mavuto. Mnyamatayo anali Vitu, wa ku Rumphi, wokonza makompyuta ku unduna womwewo. Anamunyamulira mtolowo mpaka pakhomo la ofesi, n'kukana kuupereka mpaka atapatsidwa nambala ya foni.

Pakamwa Vitu anali napo, zimenezo tisamunamizire. Dzuwa lisanatuluke uthenga unkakhala utafika kale: "Wadzuka bwanji wakutemweka wane? Kwathu timatero tikamanena munthu amene mtima wasankha." Masana ankabwera kusitolo n'kumanamizira kugula mabatani. Loweruka ankadya tchipisi ku City Centre, iye n'kumalonjeza zinthu ngati wandale.

"Tama wanga, iwe ndi ine mpaka imvi. Ukadzandiona ndi wina udzandilavulire."

Patatha zaka ziwiri anamuveka mphete, amalume a mbali zonse n'kuonana. Tsiku la chinkhoswe lokha ndi limene linatsala. Kenako Vitu anapeza malo a sukulu ku Ireland.

"Chaka chimodzi basi, mtima wanga," anatero pabwalo la ndege akumupukuta misozi. "Ndikupita kukakonza pokhala pathu."

Tamando anadikira. Anyamata a mumsika ankamuimbira likhweru, iye n'kumangowaonetsa chala cha mphete. Ankamukonda Vitu ndi mtima wonse, wosasiyako ngakhale pang'ono podzitetezera.

Mwezi wa khumi Vitu anaimba foni akupumira m'mwamba.

"Bebi, Mulungu wayankha! Mwayi wa ku Amereka wapezeka, viza yokhaliratu! Ndikangolowa, ndikuitanitsa."

"Vitu, ukunena zoona?"

"Koma pali kanthu kamodzi. A ku ofesi ya kazembe akufuna kalata ya kupolisi yosonyeza kuti sindinapalamulepo mlandu. Ya kuno ndapeza, koma akuti kuno ndangobwera kumene, moyo wanga wonse ndakhala ku Malawi, ndiye ya kwathu ikufunikanso. Popanda imeneyo sandifunsa n'komwe mafunso. Tsiku andipatsa pa 14 mwezi wamawa."

"Ndiye nditani ine?"

"Zidindo za zala ndajambulitsa konkuno. Ndatumiza zonse mu envelopu. Iwe ukangopereka ku likulu la apolisi, kalata ikatuluka unditumizire. Koma Tama, usatsegule. Ikatsegulidwa panjira amaikana."

"Nanga amalume ako a ku Area 10, si ali ndi galimoto?"

"Amalume amazengereza. Ndikhulupirire ndani kuposa mkazi wanga?"

Mkazi wanga! Mawu awiri amenewo anamuyendetsa Tamando sabata yonse osamva njala. Envelopu itafika anaisunga m'sutikesi pansi pa nsalu ya chinkhoswe, ndipo tsiku lopita kupolisi anaikulunga m'pulasitiki kuopa mvula. Mayi Pramila anamupatsa tchuthi cha tsiku lonse, ati akafika ku Amereka asadzaiwale sitolo imene inamulera.

Kupolisi anthu anali ambiri pabenchi: anamwino opita kunja, madalaivala, mnyamata wofuna ntchito ya ulonda. Tamando anakhala maola atatu envelopu ili pachifuwa. M'maganizo anali atafika kale ku Amereka, akuyala makatani m'nyumba yawo.

Amene anamulandira anali Sajeni Efelo, mayi wa magalasi, wosathamanga pa ntchito. Anang'amba envelopu ija ndi lula n'kuyamba kutulutsa mapepala limodzilimodzi, akutchula mokweza monga ankachitira ndi aliyense.

"Zidindo za zala, zilipo. Zithunzi, zilipo. Pasipoti, ilipo. Kalata ya ku ofesi ya kazembe, ilipo. Kalata yotuma munthu womuimira, iyi." Anaiwerenga, n'kusuzumira pamwamba pa magalasi. "Tamando ndinu?"

"Ndine, mayi."

"Chitupa chanu. Eya. Ndiye mulembe dzina apa, apa musaine, apa mulembe ubale wanu ndi mwini mapepala. Mulembe zofanana ndi zimene walemba iyeyo, mlongo wake."

"Pepani, mwati chiyani?"

"Mlongo wake. Si ndinu mlongo wake?"

Tamando anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene akuganiza kuti wina walakwitsa.

"Ayi mayi, ndine chibwenzi chake. Tikuyembekeza chinkhoswe."

Sajeni Efelo anayang'ana kalata ya kazembe ija kachiwiri, kenako anayang'ana mphete ya Tamando, n'kutembenuza mapepala onse awiri kuti Tamando awerenge yekha.

Zinali m'Chingerezi, koma Tamando sanafune womasulira. Kalata yoyamba inali ya dzanja la Vitu, dzanja lomwe lija linkamulembera makadi: ndikutuma mlongo wanga Tamando kuti andiimire. Yachiwiri inanena mtundu wa viza imene Vitu ankapempha. Inali viza ya mwamuna wa nzika ya ku Amereka. Dzina la mkaziyo linali Emily, ndipo ukwati unamangidwa ku Dublin miyezi isanu yapitayo.

Miyezi isanu! Si mwezi womwe uja Vitu anamutumizira nyimbo pa tsiku lake lobadwa? Si nthawi yomwe ija ankati mayeso amupanikiza, asamaimbe Loweruka?

"Mwana wanga," anatero Sajeni motsitsa mawu, "pita panja ukapume kaye. Mapepalawa ndikusungira."

Tamando anatuluka. Anaima pansi pa mtengo pafupi ndi geti n'kuimba. Mumtima ankapempherabe kuti pakhale kulakwitsa kwina kwake, kuti Vitu aseke n'kunena kuti a kazembe asokoneza mayina.

Foni inayankhidwa ndi mkazi.

"Halo? Alamu! Ndinu a Tamando eti? Vitu ali m'bafa. Ine ndine Emily, ndabwera kudzamuona sabata ino. Iii alamu, zikomo kwambiri potithamangira! Amakukambani daily, akuti pa abale ake onse wodalirika ndinu."

Mawu ake anali okoma, a munthu wosadziwa kanthu, Chichewa cha mwana wa ku Lilongwe amene wakhalitsa kunja.

"Alamu, mukundimva? Disembala tikubwera kudzadalitsa ukwati kutchalitchi. Ndamuuza kale Vitu kuti nsalu za anthu operekeza mudzatisankhira ndinu, paja akuti mumagwira kusitolo ya nsalu. Dikirani, uyu watuluka."

Kunamveka phokoso la chitseko, kenako kupuma kwa Vitu.

"Sisi, zayenda?" anatero mokweza. Kenako ananong'ona, "Tama, watsegula?"

"Sindinatsegule, Vitu. Ndinakumvera. Atsegula okha apolisi pamaso panga."

"Ndikufotokozera, mtima wanga. Si mmene ukuganizira."

"Wanditcha ndani pamenepa? Sisi?"

Foni inaduka. Nthawi yomweyo mauthenga anayamba kugwa ngati matalala.

"Bebi, ndi ukwati wa mapepala chabe."

"Ndikuchitira ife tonse. Zaka zitatu ndimusiya, ndidzakutenga."

"Wakutemweka wane, ingosaina. Kalata ikapanda kufika pa 14 zonse zathera pompo. Usandiphere tsogolo, chonde!"

Tamando anawerenga uthenga uliwonse kawiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti mtima wake, chitsiru cha mtima, unkafunabe kumukhulupirira. Zaka zitatu n'zingati kwa munthu amene wadikira kale? Koma mawu a Emily ankamvekabe m'khutu mwake, mawu a mkazi amene akusankha kale nsalu za ukwati. Ameneyo sanali wa mapepala. Vitu ankanamiza akazi awiri ndi pakamwa pamodzi, ndipo pa awiriwo amene anamutuma kukaima pamzere ndi amene analibe chake.

Analira pamenepo, kulira kwenikweni, osasamala anthu odutsa. Atatopa anapukuta nkhope ndi chitenje n'kubwerera mkati.

Sajeni Efelo anamuitana osamudikiritsa pamzere. Mapepala aja anali pomwepo, cholembera chili pamwamba.

"Ndiye titani, mwana wanga? Mwini wake walemba kuti watuma mlongo wake. Ine sindingalandire kuchokera kwa munthu wina, komanso sindingakuuze kuti ulembe bodza."

Tamando anatola cholembera chija. Anayang'ana kachithunzi ka Vitu, akumwetulira ndi malaya oyera, ndipo anamukonda kotsiriza, mopweteka. Foni inkanjenjemerabe m'chikwama. Anabweza cholembera patebulo.

"Mayi, kwathu tinabadwa atsikana okhaokha. Mchimwene ndilibe."

Sajeni anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kubwezera mapepala mu envelopu.

"Nanga iyi upita nayo?"

Tamando anali atafika kale pakhomo. Anatembenuka, misozi ikuyambiranso.

"Isungeni, mayi. Akadzabwera mlongo wakeyo mudzamupatse."