Diso Lofiira M'thanki ya Nsomba

Chimene chinadzutsa Aphunzitsi usiku woyamba sichinali phokoso ayi, koma kusowa kwa phokoso. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi pampu ya m'thanki ya nsomba inakhala ikubwata pabalaza usana ndi usiku, mpaka khutu linaiwala kuti pali chinthu chikulira. Tsiku limenelo, cha m'mbandakucha kutazizira, pabalaza panangoti zii.

Thankiyo inali ya malemu amuna awo, amene anamwalira miyezi inayi m'mbuyomo. Anasiya nsomba zisanu ndi zitatu, ndipo ali m'chipatala anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti zisafe. Aphunzitsi ankanena kuti nsombazo ndi akazi anzawo, poti bamboyo ankayamba kuzipatsa moni m'mawa iwo ali pompo. Komabe lonjezo ndi lonjezo.

Anadzuka ndi tochi. Firiji inkalira bwinobwino kukhitchini. Imene inathima inali soketi ya pathanki yokha, ya timabatani tiwiri pakati, ndipo kabatani kamodzi kanali katatumphuka. Nsomba zonse zinali zitakwera pamwamba, zikuyasama kusowa mpweya. Anakanikiza kabataniko, pampu n'kuyambanso, iwo n'kubwerera kukagona.

Usiku wachiwiri zinachitikanso, nthawi yomweyo. Wachitatu anali atatopa, sanamve kanthu, ndipo m'mawa anapeza kansomba kachikasu katagada chagada pansi pa thanki. Anapisa mkono mpaka m'chigongono, ali osavala nsapato pasimenti yonyowa, monga ankachitira m'mawa uliwonse popukuta galasi. Atakatulutsa analira, ndipo sanabise kuti akulirira kansomba.

Nkhani siigona. Aneba anabwera kudzanong'ona kuti malemu akufuna nsomba zawo, azitenga imodziimodzi mpaka zithe. Alamu awo, mng'ono wa malemu, anaseka zimenezo. Anati soketiyo ndi yamantha basi, ndipo anabweretsa chingwe chachitali kuti alumikize thankiyo kukhitchini, kumene sikuthima kanthu. Aphunzitsi anachilandira, koma anati ayambe aona kaye ndi maso awo. Kwa zaka makumi atatu anakhala akuuza ana a eni ake kuti mizukwa kulibe, ndiye sakanafuna kugonja asanaione.

Usiku wachinayi anakhala pampando pabalaza, atafunda bulangeti, nyali zonse atathimitsa. Wotchi ya pakhoma inkagunda, madzi ankabwata, ndipo kuzizira kunkakwera pang'onopang'ono kuchokera kumapazi. Kenaka, kuseri kwa miyala ndi zomera za m'thanki, kunatseguka kadiso kofiira. Sikankaphethira. Kankangowayang'ana m'madzi akudawo, nsomba zikudutsa patsogolo pake ngati zithunzithunzi. Patapita kanthawi panamveka kuti tha, diso lija n'kutseka, pampu n'kukhala chete.

"Bambo a kwathu," Aphunzitsi ananong'ona, "ngati ndinu, mundisiyireko zotsalazi."

Anayatsa nyali, n'kukanikiza kabatani, ndipo anakhala pomwepo mpaka kunja kutayera.

M'mawa anaimbira foni wamagetsi wina wachikulire, amene nambala yake malemu anailemba pachivundikiro cha thanki. Anamufotokozera zonse mwamanyazi, za diso zomwe. Mkuluyo sanaseke. Anazula mapulagi onse, n'kumawayesa imodziimodzi ndi kachipangizo kake. Ya pampu inalibe vuto, ya nyali chimodzimodzi. Atafika pa yachitatu anatsatira waya wake mpaka kuseri kwa miyala, n'kuvuula kachubu kagalasi kotalika ngati kandulo, kamene Aphunzitsi anali asanakaonepo. Anati n'chotenthetsera madzi, chimadziyatsa chokha kukazizira, ndipo diso lija ndi kanyali kake. Atachiunika padzuwa panaoneka kamng'alu kowonda ngati tsitsi, ndi timadontho ta madzi mkati. Galasi likatentha mng'aluwo unkatseguka, magetsi n'kulowa m'madzi, soketi n'kudula msanga asanavulaze munthu.

Kenaka anaona chingwe cha alamu chitakulungidwa patebulo, ndipo anafunsa ntchito yake. Atamva, anatembenukira kwa Aphunzitsi.

"Mayi, mukanalumikiza kukhitchini, pampu sikanathimanso, zoona, chifukwa soketi ya kumeneko siidula magetsi akalowa m'madzi. Koma tsiku lina m'mawa mukanapisa mkono m'madzimo, ndipo bwenzi lero tikukamba zina."

Aphunzitsi anayang'ana mkono wawo, n'kukhala pansi. Anamuthokoza mkuluyo kambirimbiri, koma iye anapukusa mutu. Anati iye anangoikapo soketiyo zaka zapitazo, amene anaumirira ndi amuna awo. Panthawiyo mkuluyo anauza amuna awowo kuti soketi wamba ikwana, koma bamboyo anakana, ati mkazi wanga sakonda kuvala nsapato m'nyumba, ndipo tsiku lina ndi amene azidzasamala nsombazi.

Apa Aphunzitsi anakumbukira tsikulo. Anapeza khoma limene anali atangopaka penti litagumulidwa poika soketiyo, fumbi lili mbwee pamipando, ndipo anawakalipira amuna awo masiku awiri athunthu. Bamboyo anangotenga tsache n'kusesa.

Madzulo ake chotenthetsera chatsopano chinali m'malo, nsomba zisanu ndi ziwiri zikusambira mwa ulesi wawo. Aphunzitsi anakhala pafupi ndi thanki, n'kuika dzanja pakhoma pamene penti inasiyana mtundu mozungulira soketi.

"Pepani za khoma lija, bambo a kwathu," anatero chapansipansi. "Ndipo zikomo."