Nthambi za Pamsewu wa Koleji

Consolata anatuluka mu holo. Mayi Edina Mbewe, mkulu wa koleji yauphunzitsi imene inali kunja pang'ono kwa boma la Chadiza, anali atangolengeza kumene kuti fizi yakwera, ndipo aliyense amene sadzamaliza kulipira mwezi wa Meyi usanathe sadzalemba mayeso omaliza. Ananena zimenezi modekha ngati akulengeza kuti mawa ndiwo ndi nyemba, kenaka ananyamula chikwama chawo n'kukadzitsekera mu ofesi.

Kwa Consolata nkhaniyi inali yowawa kwambiri. Kwawo ku Pembamoyo ndalama zimabwera kamodzi pachaka, mtedza ndi chimanga zikagulidwa, ndipo m'mwezi wa Meyi mtedza umakhala ukadali kuuma m'munda, ogula asanapachike n'komwe masikelo awo. Atate ake, a Zangaphee, anali atagulitsa kale ng'ombe imodzi ya pangolo chifukwa cha sukulu yakeyi. Kuwaimbira foni n'kuwauza kuti pakufunikanso zina, iye sanathe. Anaganiza zoyamba wakhala chete, mwina zinthu zisintha zokha.

Amene sanakhale chete ndi Terrance. Mnyamata ameneyu anakulira ku Lusaka, ndipo sankalola kuti tsiku lidutse anzake asanakumbutsidwe zimenezo. Nthawi ya chakudya chamasana anakwera patebulo, nakweza foni yake m'mwamba kuti onse aone momwe ophunzira a m'makoleji akuluakulu amachitira fizi ikakwera. Amavala zakuda, amatseka msewu, amawotcha matayala, amaimba mpaka akuluakulu kugonja. Anati vuto la ana a ku Chadiza n'lakuti ngakhale munthu awaponde chala, iwo ndi amene amapepesa.

Mawu amenewa anawalasa ambiri, ndipo pofika madzulo zionetsero zinali zitakhazikitsidwa kuti zichitike Lachisanu, tsiku limene anthu ambiri amadutsa pamsewuwo kupita kumsika. Terrance analamulanso kuti aliyense adzazimitse foni kuyambira m'mawa, kuopa kuti aphunzitsi angaimbire mmodzimmodzi n'kuwaopseza.

Mavuto anayambira pa matayala. Ku Chadiza tayala silikalamba. Likatha pagalimoto limapita pangolo, likatha pangolo limasanduka nsapato, ndipo zotsalira zake zimamanga katundu panjinga. Anyamata anazungulira boma lonse, koma aliyense amene anamupempha tayala loti akawotche anawayang'ana ngati apenga. Terrance sanagwe ulesi. Anati msewu autseka ndi mitengo.

Vuto lachiwiri linali nyimbo. Za m'foni muja palibe amene ankazidziwa kupatula Terrance yekha, ndipo iye kuimba kunamudutsa kutali. Onse anatembenukira kwa Consolata, amene ankatsogolera kwaya kutchalitchi. Iye anatenga nyimbo ina yakutchalitchi imene aliyense ankaidziwa, yoyenda pang'onopang'ono, n'kuikamo mawu odandaula za fizi. Atayeserera, inakoma moti ena anatsala pang'ono kugwetsa misozi. Consolata anamva kukoma mumtima kuona koleji yonse ikutsatira mawu ake.

Lachisanu m'mawa anyamata anapita kukadula mitengo, koma chikwanje chinali chimodzi, chobuntha, ndipo manja a anthu ophunzira sachedwa kutuluka matuza. M'malo mwa mitengo anabwera ndi nthambi zamasamba obiriwira. Anaziyala modutsa msewu kumtunda kwa geti, zina kumunsi kwake. Ophunzira onse, atavala zakuda, anasonkhana pageti n'kuyamba kuimba. Zikwangwani zolembedwa kuti fizi itsike anazinyamula kwa kanthawi, koma dzuwa litakwera ambiri anakhala pansi n'kuzisandutsa zodziphimbira kumutu.

Woyamba kufika anali bambo wina wa njinga yodzaza matumba a mbatata. Atafika panthambi paja anatsika, navula chipewa, n'kuyenda akukankha njinga yake mutu uli pansi mpaka anadutsa nthambi zakumunsi. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Minibasi yochokera ku Mlolo inachepetsa liwiro, dalaivala anazimitsa wailesi, ndipo amayi amene anali pawindo anagwira pachifuwa.

Terrance anasangalala kwabasi. Anati taonani, ngakhale anthu wamba akulemekeza zionetsero zathu. Koma Consolata nyimbo inamuthera pakamwa. Iye anali mwana wa kumudzi, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti nthambi zoyalidwa pamsewu chonchi zimauza odutsa kuti pano pagwa maliro. Anayang'ana anzake ovala zakudawo atakhala pansi, anamvetsera nyimbo yake yomwe, n'kuona kuti sipakusowa kanthu koma bokosi lokha.

Anamukokera Terrance pambali n'kumuuza. Terrance anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati ngati anthu akuima, ndiye kuti nthambizo zikugwira ntchito kuposa matayala. Consolata anadziwa kuti si bwino, koma anaopa kutchedwa wamantha wa kumudzi pamaso pa anthu amene dzulo lomweli ankamuwombera m'manja. Anabwerera pamalo pake n'kuyambitsanso nyimboyo.

Mayi Mbewe sanatuluke. Anatuma mlonda, a Agostino, kukanena kuti iwo sayankhula ndi chigulu, ndipo amene akufuna kuwaona abwere Lolemba yekha. A Agostino atapereka uthengawo anayang'ana nthambi zija, napukusa mutu, n'kunena kuti iwo asaphatikizidwemo.

Uthenga wa maliro suyenda pansi. Wa mbatata uja anakauza a kumsika kuti kukoleji kwagwa zovuta, a kumsika anaimbira abale awo kumidzi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu, ku Zingalume, ku Mlolo ndi ku Pembamoyo kunali kutamveka kuti mwana wasukulu wamwalira. Dzina lake palibe amene ankalidziwa. Kholo lililonse linathamangira kuimbira mwana wake, ndipo foni ya mwana aliyense inali yozimitsa.

Oyamba kubwera anali amayi a m'midzi yoyandikana nayo, atamanga maduku, ena atasenza nkhuni, ena timabeseni ta ufa. Anadutsa pageti mwakachetechete n'kukakhala pansi pafupi ndi khonde la ofesi, pakuti kumeneko ndiye kunaoneka ngati kunyumba kwa eni ake. Abambo anakakhala pansi pa mtengo wa mango, zipewa zili pamaondo. Ophunzira anayamba kuyang'anana. Nyimbo inazilala yokha, ndipo panalibe wolimba mtima woti aimirire n'kuuza akuluakulu onsewo kuti asenza nkhuni pachabe. Terrance, mwini pakamwa uja, anapezeka ali kumbuyo kwa thanki ya madzi akumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale.

Chakumasana makolo ochokera kutali anayamba kufika, ena panjinga, ena pangolo. Consolata anaona njinga ya atate ake ikutulukira pakona, amayi ake, a Felicia, ali pakaliyala atakumbatira kamtolo. Asanafike n'komwe panthambi, amayiwo anadumpha n'kuyamba kuthamanga, patapata imodzi itatsala pamsewu. Maso awo ankasanthula nkhope za ana ovala zakudawo, imodzi ndi imodzi.

"Amayi, ndili pano," anatero Consolata.

A Felicia anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, namusisita mapewa ndi mikono ngati akuona ngati zonse zilipo. Kenaka anakhala pansi pomwepo pafumbi n'kulira. A Zangaphee anatsamiritsa njinga pageti, napuma kwa nthawi, n'kufunsa motsitsa mawu kuti nanga watisiya ndi mwana wa yani. Consolata anagwada. Anafotokoza zonse, za fizi, za mayeso, za matayala amene anasowa, ndiponso kuti iye anazindikira kalekale tanthauzo la nthambizo koma anapitiriza kuimba.

Nkhaniyo inayenda kuchoka pageti kufika pamtengo wa mango, kenaka pakhonde. Agogo ena aakazi amene anasenza nkhuni zambiri kuposa onse anayamba kuseka, ndipo kusekako kunafalikira. Ena ankaseka akupukuta misozi, ena ankakalipa kuti ana awa atilaula, ena ankachita zonse ziwiri. Koma palibe amene ananyamuka. Anthu akabwera pakhomo n'kukhala pansi, sachoka mwini khomo asanatuluke kudzawalonjera.

Zimenezi Mayi Mbewe ankazidziwa, pakuti nawonso anabadwira kumudzi. Ophunzira akanatha kuwasiya padzuwa mpaka madzulo, koma makolo okhala pansi pakhonde pawo sakanatha kuwayang'anira pawindo. Anamanga chitenje pamwamba pa siketi yawo, natuluka, n'kupereka moni mbali ya abambo ndi mbali ya amayi. A Agostino anabweretsa mpando, koma iwo anaukana n'kukhala pamasitepe.

Anapepesa chifukwa cha mantha amene makolowo anadutsamo, kenaka anafotokoza kuti fizi sanakweze ndi iwo. Anakweza ndi eni koleji, chifukwa ufa, magetsi ndi mapepala zonse zakwera mtengo, ndipo iwo alibe mphamvu yoitsitsa ngakhale ana aimbe mpaka mawu kusasa. Consolata anaona kuti zonse zapita pachabe. Tsiku lonseli, manyazi onsewa, mayeso n'kukhalabe otsekeka.

Makolo anayankhula mosinthana, aliyense akuyamba ndi kuwomba m'manja. Mayi wina wa ku Zingalume anati kukwerako n'kowawa, koma mchere nawonso unakwera ndipo sanasiye kuugula. Bambo wina wa ku Mlolo anati chimanga chake chili chiimire m'munda. A Zangaphee ndiwo anamaliza.

"Mayi, ife kulipira sitikukana. Koma mwezi wa Meyi m'thumba mwa mlimi mumakhala mphepo yokhayokha. Aloleni anawa alembe. Satifiketi muisunge inuyo mpaka tigulitse mbewu."

Mayi Mbewe anati tsiku lomalizira kulipiralo anaika okha, potsatira momwe makoleji a m'tauni amachitira, ndipo zimenezo akhoza kusintha popanda kupempha kwa wina aliyense. Anatembenukira kwa ophunzira n'kufunsa chifukwa chimene panalibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzanena za tsikulo. Ophunzira anayang'ana zikwangwani zawo. Zonse zinkanena chinthu chimodzi, chimene Terrance anakopera m'foni.

Anagwirizana kuti aliyense alemba mayeso, ndipo fizi idzamalizidwa mwezi wa Ogasiti, misika ikatsegulidwa. Koma makolo nawo anali ndi chigamulo chawo. Ophunzira onse anagwada kupepesa, ndipo analamulidwa kuchotsa nthambi, kusesa msewu, ndi kusenza nkhuni ndi ufa kubwezera mayi aliyense mpaka pakhomo pake. Agogo oseka aja anasankha Terrance. Anati akufuna wa ku Lusaka yemweyo, aone ngati khosi lake lili lolimba ngati pakamwa pake.

Terrance anadutsa pafupi ndi Consolata mtolo uli pamutu, ukupendekera uku ndi uku. Ngakhale zinali choncho, anapeza mpweya wonong'oneza kuti waona, zionetsero zimagwira ntchito. Consolata anamufunsa ngati fizi yatsika. Terrance anati imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo agogo aja anamukoka malaya kuti aziyenda.

Atamaliza kukoka nthambi, Consolata anakatola patapata ya amayi ake pamsewu n'kuwabweretsera. Anawapeza atakhala pamthunzi, kamtolo kaja kali pamiyendo. Mtima wake unali utapepuka chifukwa cha mayeso, ndipo pofuna kuwaseketsa anafunsa ngati m'kamtolomo muli mbatata zake.

A Felicia anamasula mfundo. Munali chitenje chatsopano, chamaluwa achikasu, chisanalowepo m'madzi.

"Ndinagula chaka chatha, kuti ndidzavale tsiku lomwe udzalandire satifiketi," anatero. "Lero ndinachitulutsa kuti ndidzakufunditse."

Consolata anagwira nsaluyo, ndipo misozi imene sinabwere tsiku lonse inabwera tsopano. Amayi ake anamulanda chitenjecho msanga kuti angachidetse, nachipinda bwinobwino m'mizere yake yakale.

"Chibwerere m'sutikesi," anatero a Zangaphee akukweza njinga. "Iwe kawerenge. Ndipo ukadzafuna kutiitana tsiku lina, foni uli nayo. Mitengo uzisiya ndi masamba ake."

Consolata anawaperekeza mpaka pakona. Njinga itazimiririka, anatulutsa foni m'thumba n'kuiyatsa.